Sowo Ikuliranso ku Mchesi

Ku Mchesi, mumzinda wa Lilongwe, kumacha ndi phokoso. Dzuwa lisadatuluke n'komwe sowo imakhala itayamba kale kulira, hamala ikugogoda, fungo la vanishi ndi la utuchi wa paini lili guu m'mbali monse mwa msewu. Tsono tangoganizani kuti pakati pa chipiringu chonsecho pali shedi imodzi yomwe ili zii. Tebulo lopalirapo matabwa lili mbuu ndi fumbi. Puleni yagona chafufumimba, mpeni wake utafiira ndi dzimbiri. Akangaude amanga nyumba zawo pa mafelemu a zitseko omwe adatsamira khoma chaka chatha. Lata limodzi la padenga lidasasuka ndi mphepo, ndipo mvula ya dzinja lonse yadonthera pa matabwa a mbawa mpaka apindika. Pakona paima kabati ya mlombwa ya chitseko chimodzi, yomwe mwini wake adapereka dipoziti kalekale ndipo watopa nako kubwera kudzakalipa. Pakhomo, pa kampando kopanda chotsamira, pakhala mwini shedi, chibwano chili pachifuwa, akusinza 10 koloko m'mawa.

Mwini shediyo adali alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Nthawi imeneyo n'kuti ali ndi zaka 46 zokha.

Amene adawadziwa ali anyamata sakadakhulupirira kuti ndi omwewo. Awatu adali amisiri omwe ankasenza okha thabwa la mbawa kuchoka pa lole mpaka m'shedi, anzawo akugwirizana awiriawiri. Ankaphunzitsa ntchito anyamata atatu nthawi imodzi. Silver Strikers ikamasewera, mawu awo ankamveka kuposa a wina aliyense, ndipo Lamulungu ankaima kumbuyo kwa kwaya akugunda besi. Koma zinthu zidayamba kuchoka chimodzichimodzi, mwakachetechete, moti palibe angaloze tsiku lomwe zidayambira. Mapewa aja adagwa. Mikono idafota, malaya n'kuyamba kukhwepa m'manja koma kuthina pamimba. Mabere adatupa pang'ono, ndipo ngakhale kutenthe bwanji mu Okutobala, alamu adaleka kuvula malaya pogwira ntchito. Nkhope idatuwa. Usiku ankadzuka thukuta lili kamukamu, pilo atanyowa, ngakhale mu Juni momwe anthu amafunda mabulangete awiri. Ankayeza thabwa, n'kuiwala muyeso asadagwire sowo, n'kudula molakwika. Mwana akangogwetsa kapu, nyumba yonse inkamva mkwiyo wawo. Pakapita kanthawi unkawapeza ali okha kuseri kwa nyumba, misozi ili m'maso, osadziwa chomwe akulirira. Anyamata atatu aja adachoka mmodzimmodzi kukafuna ntchito kwa amisiri ena.

Kuchipinda nako kudazizira. Achemwali adapirira miyezi yambiri, kenako adayamba kuganiza zomwe mayi aliyense angaganize, zakuti kwinakwake kuli mkazi wina. Ankhoswe adaitanidwa, adakhala pamkeka, adalangiza, adapita, koma sichidasinthe chilichonse. Anthu apamsewu nawo sadasowe chonena. Ena ankanong'onezana kuti bambo aja adagwa m'papaya, ena ankati ndi ulesi chabe, ena n'kumaloza amisiri anzawo kuti ndiwo adawachita chipongwe pofuna kulanda makasitomala. Alamu adatafuna gondolosi mpaka nsagwada kuwawa. Adamwa zam'zitini zija amati zopatsa mphamvu, adagula timapilitsi ta m'thumba mwa mavenda, adakatemeranso mphini m'chiuno. Ndalama zomwe zikadagula matabwa zidathera m'menemo, munthu ali chimodzimodzi.

Kuchipatala ankapitako ndithu. Adawayeza malungo, shuga, BP ndi HIV, zonse zili bwino. Adangopezeka ndi magazi ochepa pang'ono, n'kupatsidwa mapilitsi owonjezera magazi. Chomwe chidatembenuza nkhani yonse ndi funso limodzi la dokotala wina, yemwe adawayang'anitsitsa pachibwano n'kufunsa kuti:

"Bambo, ndevu mumameta kangati pa sabata?"

Alamu adadabwa. "Kale sankatha masiku awiri ndisadamete, adokotala. Pano mwezi umatha lezala ndisadaligwire."

"Nanga m'mamawa thupi limadzuka monga kale?"

Adazolika, n'kupukusa mutu.

"Mudadwalapo matenda otupitsa kumaliseche, kapena kuvulalako?"

Apo m'pomwe adakumbukira. Zaka 7 m'mbuyomo, mwana wawo wachiwiri adabwera kuchokera kusukulu ndi matsagwidi. Mwanayo adachira msanga, koma bambo ake adatengera, ndipo kwa iwo matendawo sadathere m'masaya. Machende onse awiri adatupa ndi ululu wosaneneka, adagona masiku ambiri, kenako kutupa kudaphwa ndipo nkhani idaiwalika. Chomwe sadachilabadire n'chakuti kuyambira pamenepo ziwalozo zidayamba kuchepa ndi kufewa.

Dokotala adatenga pepala n'kuyamba kujambula. Adafotokoza kuti testosterone ndi homoni yomwe imapangidwa makamaka m'machende. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa pituitary, komwe kamatumiza m'magazi homoni ina yotchedwa LH kukalamula machende kuti agwire ntchito. Testosterone ndiyo imameretsa ndevu, imakhwimitsa minofu ndi mafupa, imathandiza thupi kupanga magazi, ndiponso imadzutsa chilakolako cha kuchipinda. Mwamuna akapitirira zaka 40 imatsika pang'onopang'ono, pafupifupi 1 peresenti pachaka, ndipo kumeneko ndi kukula chabe, si matenda. Koma zilipo zina zomwe zimaigwetsa kwambiri: matsagwidi ogwira munthu wamkulu, kuvulala kwa machende, chotupa pa pituitary, kunenepa kwambiri, shuga, HIV, mowa wambiri, mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine, komanso chibadwa chotchedwa Klinefelter, chomwe chimapezeka mwa mwana wamwamuna mmodzi pa ana aamuna pafupifupi 600.

Kuyeza kwake kuli ndi mwambo wake. Magazi amatenga m'mawa, isadakwane 10 koloko, munthu asadadye, chifukwa testosterone imakhala yambiri kukamacha ndipo imatsika dzuwa likamapendeka. Sayezanso kamodzi, amabwereza tsiku lina. Madokotala ambiri amati ikaposa 12 nmol/L zinthu zili bwino, koma ikatsika kuchepera 8 ndiye kuti yaperewera ndithu. Pepala loyamba la alamu lidabwera ndi 4, lachiwiri chimodzimodzi, LH ili pamwamba zedi. Ubongo unkalamula ndithu, koma machende adali atalephera kumvera. Achemwali amati tsiku limenelo alamu adalipinda bwinobwino pepalalo, kuliika m'thumba la pachifuwa, n'kuyenda ulendo wonse wa pa minibasi dzanja lili pomwepo. Atafika kunyumba adangoti, "Mayi, ndiye kutitu sindine waulesi." Achemwali adalira, koma misozi ya tsiku limenelo idali ina.

Dokotala sadathamangire jakisoni. Adayamba wawayeza prostate, pamodzi ndi magazi a PSA, chifukwa munthu amene ali ndi khansa ya prostate kapena ya bere sapatsidwa mankhwalawa. Adayeza kukhuthala kwa magazi. Kenako adaitanitsa achemwali. "Mayi, kodi mukufunanso mwana?" Adafunsa choncho chifukwa testosterone yochokera kunja imachititsa ubongo kuleka kulamula machende, ndipo mbewu ya abambo imachepa kapena kutheratu. Achemwali adayankha mosazengereza: "Atatuwa atikwana, adokotala. Ine ndikufuna amuna anga abwerere."

Kabotolo komwe adakagula ku famase tsiku limenelo kali ndi mbiri yokoma pakokha. Mu 1849, mumzinda wa Göttingen ku Germany, katswiri wina dzina lake Arnold Berthold adafula atambala aang'ono. Atambalawo sadalire, sadamenyane, sadathamangitse mathadzi, ndipo kanyama kofiira kapamutu kaja sikadakule. Koma amene adawabwezera machende m'mimba adakula n'kukhala atambala enieni, olira ndi olusa. Apo m'pomwe zidaonekera kuti ziwalozi zimathira kanthu kena m'magazi. Mu 1889, ku Paris, dokotala wotchuka Charles-Édouard Brown-Séquard, ali ndi zaka 72, adadzibaya madzi ofinya m'machende a agalu ndi mbira n'kulengeza kuti mphamvu zake zabwerera, ngakhale lero zikudziwika kuti m'madzi otere testosterone imakhala yochepetsetsa. Mu 1935 gulu la Ernst Laqueur ku Amsterdam lidaipatula yeniyeniyo kuchokera m'machende a ng'ombe zamphongo, ndipo chaka chomwecho Adolf Butenandt ndi Leopold Ruzicka adapeza njira yoipangira mu labotale. Awiriwa ndiwo adapambana mphoto ya Nobel ya 1939 pa sayansi ya chemistry. Kale mulu wa machende a ng'ombe unkatulutsa kachidutswa kosadzaza n'kansonga ka supuni komwe. Lero alipo jakisoni wobaya milungu iwiri kapena itatu iliyonse monga Sustanon, alipo Nebido wobaya pakatha milungu 10 mpaka 14 yemwe abale athu a ku South Africa ndi ku Britain amamudziwa, aliponso mafuta opaka pamapewa tsiku ndi tsiku. Dokotala adawalembera alamu jakisoni wa milungu itatu uja.

Jakisoni woyamba adabaya namwino, pathako, pang'onopang'ono chifukwa mankhwala ake ndi amafuta. Alamu adabwerera kunyumba akuyembekezera chozizwitsa, koma sabata yoyamba idatha osamva kanthu, yachiwiri chimodzimodzi. Adatsala pang'ono kugwa mphwayi. Achemwali ndiwo adawalimbitsa mtima: "Bambo, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Chakumapeto kwa mwezi woyamba, achemwali adadzidzimuka m'bandakucha atamva phokoso lachilendo panja. Posuzumira pawindo, abale inu, adaona amuna awo akusesa pabwalo uku akuimba mluzu! Munthu amene ankachita kumukoka pabedi 9 koloko adali atadzuka yekha kusadache, ndipo pilo adali wouma. Thukuta la usiku lidali litatha. Zakuchipinda sitifunsa, ndi za eni ake. Koma titapita kukawaona mwezi wachiwiri, achemwali adatilonjera atavala chitenje chatsopano, nkhope ikuwala, ndipo amayi athu atawafunsa mmene pakhomo paliri, adangoyankha akuyang'ana pansi kuti, "Amayi, ankhoswe apume." Tidaseka mpaka kugwira nthiti.

Mwezi wachitatu udabwera ndi zake. Madzulo ena mwana wawo wamng'ono adakwera pamiyendo pawo, kuwasisita patsaya, n'kubweza kadzanja msangamsanga: "Adadi, mukubaya!" Alamu adanyamuka kupita pagalasi, adadziyang'ana nthawi yaitali, kenako adathamangira kuokala kukagula lezala. Ndani adaonapo munthu akukondwera ndi kumeta ndevu? Awa adameta akuimba.

M'mawa mwake adapita kushedi, adatola puleni ija, n'kukhala nayo pansi. Adaimasula yonse, adapukuta dzimbiri ndi sandipepala, adathira timadontho ta oyilo, n'kunola mpeni wake pamwala mpaka utanyezimira. Adauyesa pachikhadabo, adamanganso, n'kuika thabwa la mlombwa patebulo. Atakankha kamodzi, kachidutswa kopyapyala kadatuluka kakupiringizika, kofiirira, konunkhira, n'kugwera paphazi pawo. Adakankha kachiwiri, kachitatu, ndipo mmisiri woyandikana nawo adasiya hamala yake n'kubwera kudzaima pakhomo, kukamwa kuli yasa. Pofika masana, pansi ponse padali patadzaza tizidutswa topiringizika, ndipo alamu adali asadakhale pansi.

Musaganize kuti jakisoni adachita zonse yekha. Dokotala adawauziratu kuti minofu siimera pampando. Alamu adaleka kukwera kabaza, n'kuyamba kuyenda wapansi kupita kuntchito ndi pobwerera. Mitanda ya nsima idachoka pa inayi kufika pa iwiri, masamba n'kuchuluka m'mbale. Mowa wa Loweruka adausiya. Mankhwalawo ndi okwera mtengo, choncho pamwamba pa kabati padakhala chitini chomwe ankaponyamo kenakake tsiku lililonse, ndipo chikaperewera achemwali ankakatenga ku banki m'khonde n'kubweza ndi phindu la mandasi. Nthawi ina mankhwala adasowa pomwe ankagula, ndipo awiriwo adazungulira mafamase a m'tauni tsiku lathunthu mpaka adawapeza. Pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, kuyeza kudaonetsa kuti magazi ayamba kukhuthala, afika pa 52 peresenti, pomwe malire omwe madokotala amaimitsira mankhwala ndi 54. Dokotala adachepetsa mlingo. Alamu, amene ankaopa kubwerera kumene adachokera, adadandaula, koma adamvera, ndipo magazi adabwerera m'malo mwake mphamvu zili chikhalire.

Tsono taonani thupi lomwe lija. Kale adaboola lamba ndi msomali kunsonga kwenikweni kuti afike pamimba. Tsopano adamuboolanso mbali inayo kuti buluku lisagwe. Mapewa adadzuka. Manja a malaya omwe ankakhwepa aja adadzaza. Kutuwa kwa nkhope kudachoka, ndipo mapilitsi owonjezera magazi sadafunikenso. Zidali ngati chimanga chachikasu, chofooka, chomwe chalandira feteleza mvula itagwa bwino: ukapitako sabata ino waona chasintha mtundu, sabata yamawa chakupitirira msinkhu. Okutobala atafika, dzuwa likuswa mtengo, alamu adavula malaya n'kuwakoleka pamsomali, adapita pa lole, n'kuika thabwa la mbawa paphewa okha. Anyamata otsitsa matabwa adaomba m'manja: "Madala abwerera!"

Nanga shedi ija? Ha! Patatha chaka, munthu ukadailambalala osaizindikira. Padenga pomwe pankadontha pali malata atsopano, akuthwanima. Khoma la akangaude lija adalipaka laimu, ndipo zipangizo zonse zapachikidwa pamzere, chilichonse pa msomali wake. Tebulo lomwe lidali mbuu ndi fumbi lero lili mbuu ndi utuchi. Panja, pomwe padali udzu ndi mapepala ouluka, pandandalikidwa mabedi, matebulo odyera ndi mipando yake, zitseko za mlombwa zopaka vanishi moti ukhoza kudzionerapo nkhope. Kampando kosinzirapo kaja adakaikira chotsamira, adakapaka utoto, ndipo ndi pomwe amakhala makasitomala podikira risiti. Kabati ya chitseko chimodzi ija idamalizidwa koyambirira kwenikweni. Alamu adakaitula okha kwa mwini wake, n'kuwonjezerapo katebulo kakang'ono kopepesera. Mayi amene ankabwera kudzakalipa uja adaizungulira kabatiyo, adatsegula zitseko zonse ziwiri, adatseka, adatsegulanso, kenako adaitanitsa bedi ndi mipando isanu ndi umodzi. Mwa anyamata atatu omwe adachoka aja, awiri adabwerera, ndipo adabwera ndi anzawo ena awiri.

Kunyumba nako, kale ana ankathawira kuchipinda akamva mapazi a bambo awo. Lero amalimbirana kukawalandira jumbo pageti. Kale fizi inkachita kupemphedwa kwa abale. Lero imalipidwa teremu isadayambe. Kale mzere wakumbuyo wa kwaya udali ndi mpata. Lero besi ija ikugundanso mpaka mabenchi kunjenjemera. Amene ankanong'ona za mpapaya aja ndi omwe tsopano amabwera madzulo, mmodzimmodzi, kudzafunsa motsitsa mawu kuti, "Amisiri, kodi mudapita kuti?" Ndipo alamu sabisa. Amawauza zonse, kuyambira pa matsagwidi mpaka pa lezala.

Amawauzanso chinthu china chomwe dokotala adawatsindikira, chakuti iwo adasintha chonchi chifukwa testosterone yawo idali itatsikiratu, ndipo chifukwa chake chidapezeka. Si kutopa kulikonse komwe kumachokera pamenepa. Kusagona mokwanira, nkhawa, shuga ndi kunenepa zimabweretsa zizindikiro zofanana, ndipo kwa abambo ambiri onenepa, kuchepetsa thupi kokha kumakweza testosterone popanda jakisoni. Kafukufuku wa ku America yemwe adatuluka mu 2016, wa abambo 790 a zaka 65 kupita m'tsogolo, adapeza kuti mankhwalawa adawongola chilakolako ndi zakuchipinda, adapeputsako mtima, koma pa nyonga za tsiku ndi tsiku kusintha kudali kochepa. Kafukufuku wina wamkulu wotchedwa TRAVERSE, wa mu 2023, adatsata abambo oposa 5,000 a zaka 45 mpaka 80 omwe adali ndi matenda a mtima kapena chiopsezo chake. Adapeza kuti mankhwalawa sadachulukitse sitiroko kapena kufa kwa mbali ya mtima, koma kugunda kwa mtima kosalongosoka ndi kuundana kwa magazi m'mapapo kudawonjezekako pang'ono. N'chifukwa chake alamu mpaka lero saphonya tsiku lokayezetsa magazi ndi prostate, ndipo akudziwa kuti kwa iwo mankhwalawa ndi a moyo wonse, popeza ziwalo zomwe zidawonongeka sizidzayambanso kupanga zokha.

Achinyamata omwe amabayana majakisoni ogula mwachinsinsi kumalo onyamulira zitsulo akudzipweteka okha: thupi lomwe lidali bwinobwino limaleka kupanga testosterone yake, machende amachepa, ndipo tsiku lofuna mwana zinthu zimavuta. Kwa bambo amene testosterone yake ili yotsikadi koma akufunabe kubereka, pali mankhwala ena monga hCG omwe dokotala angasankhe m'malo mwake. Wopaka mafuta a pamapewa aja ayenera kusamba m'manja ndi kuvala malaya asadanyamule mwana kapena kukhudzana ndi mayi, chifukwa mankhwalawo amalowa pakhungu la wina aliyense. Safunsa adadya phula.

Choncho abambo, ngati mphamvu zatha, ndevu zachepa, m'mamawa thupi silikudzukanso ndipo kuchipinda kwazizira kwa miyezi yambiri, musathere ndalama pa timapilitsi ta m'thumba mwa mavenda. Pitani kwa dokotala, muuzeni zonse osabisa ngakhale matenda akalekale, ndipo pemphani kuti akuyezeni testosterone m'mawa musadadye, kawiri. Inunso amayi, musadaitane ankhoswe, yambani mwaperekeza amuna anu kuchipatala.